Mlendo wodzathandiza aziyamba waodira

Mvula ikangokata, msewu wa M1 umayamba kunyamula mtundu wina wa apaulendo. Awa si a mathiraki a fodya opita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, komanso si amalonda othamangira msika wa ku Jenda. Ndi anyamata, atsikana ndi achikulire omwe ochokera ku America ndi ku Ulaya, nthawi zina a ku Lilongwe ndi ku Blantyre konkuno, amene amadzaza minibasi kapena Land Cruiser, zikwama pamwamba, makatoni a makope ndi mipira kumbuyo, n'kumati abwera kudzagwira ntchito mongodzipereka.

Maulendo otere amafanana ngati mbewu za thumba limodzi. Tsiku loyamba alendo amawaonetsa makwalala a ku Mtandire kapena ku Mgona kuti aone umphawi wa m'tauni. Likafika lachiwiri adutsa pa Mponela, apuma pa Kasungu, ndipo ena amakhotera kumsewu wafumbi cha ku Chatoloma kapena ku Nkhamenya, m'dera la T/A Kaluluma, kukaona mudzi ndi sukulu ya pulaimale. Sabata isanathe ali kunyanja, akutsuka fumbi.

Palibe wanzeru amene angati alendowa asamabwere. Ambiri ndi anthu a mtima wabwino amene asunga ndalama miyezi yambiri kuti afike kuno, ndipo Mmalawi sadziwa kupirikitsa mlendo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo wa mwambiwo amaima pabwalo, n'kuodira, n'kudikira kuti eni khomo amuuze pokhala. Zimene zikuchitika m'sukulu zambiri za kumudzi n'zakuti mlendo akuchita kuuza eni khomo tsiku, ola ndi nyimbo zoti amuimbire. Apa mpamene mafumu, makomiti a sukulu ndi khonsolo ya Kasungu akuyenera kudzuka.

Choyamba chimene sichiwerengedwa ndi mtengo wa ulendowo kwa olandira alendo. Uthenga ukafika kuti Lachinayi kubwera azungu, maphunziro amayamba kutsimphina Lolemba. Ana amasesa bwalo, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, kuyeserera nyimbo ndi ndakatulo. Amayi amasiya kukolola ndi kutong'ola chimanga kuti akaphike. Nkhuku imene ikadagulitsidwa kuti mwana apeze yunifolomu imagwa m'phika. Tsikulo likafika anthu amakhala padzuwa kuyambira 9 koloko, galimoto n'kutulukira masana, alendo n'kukhala maola atatu basi. Chonsecho miyezi ya June ndi July, imene alendo ambiri amaikonda chifukwa kwawo kuli tchuthi, kuno ndi teremu yomaliza, pamene mphunzitsi akulimbana ndi kumaliza silabasi kuti ana alembe mayeso okwerera kalasi ina.

Ndiye pali mwambo wina wopatsa mlendo choko kuti aphunzitseko. Mtsikana wa zaka 19 amene sadapondeko kukoleji ya zauphunzitsi, sadziwa liwu limodzi la Chichewa kapena Chitumbuka, zilankhulo zimene ana a kwa Kaluluma amalankhula kunyumba, amaimirira kutsogolo kwa ana a Sitandade 2 oposa 100, pamene mphunzitsi weniweni waima pakhomo ngati mlonda. Ana amaseka, amaomba m'manja, chithunzi chimakongola. Koma phunziro limene latsika apo n'lakuti mphunzitsi wawo wa tsiku ndi tsiku ndi munthu wamba amene aliyense wotsika ndege angathe kumulowa m'malo.

Nkhaniyi itatembenuzidwa ingamveke bwino. Mnyamata wa pa Nkhamenya wa satifiketi ya MSCE sangatsike basi mu London, n'kulowa m'kalasi ya ana a zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuyamba kuwanyamula ndi kuwajambula. Angamufunse kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti alibe mbiri yozunza ana, angamufunse mapepala a ntchito, ndipo makolo angafune kudziwa amene wamulola. Malamulo amenewo si tsankho, ndi chitetezo cha ana. Mwana wa tenanti wa kwa Kaluluma naye ndi mwana. Dziko lino lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010, ndipo lamulolo silinena kuti mlendo wovala T-shirt ya bungwe asafunsidwe.

Za maswiti ndi mapensulo oponya pawindo la galimoto n'zosafuna kutaya nazo nthawi. Aliyense woyenda pamsewu waukulu waonapo ana akuthamangira galimoto ya alendo manja ali m'mwamba, ena mpaka kulowa pamsewu. Anawo sadabadwe opemphapempha. Adaphunzitsidwa.

Zithunzi ndiye nkhani yaikulu. Kale mlendo akajambula, chithunzi chinkathera m'chimbale cha kunyumba kwake. Lero galimoto isanafike pa Jenda nkhope ya mwana wa malaya ong'ambika ili kale pa Facebook ndi pa Instagram, ndi mawu pansi pake onena za njala ndi umasiye, mwina mwanayo ali ndi makolo onse awiri amene anali kudimba. Chithunzi chomwecho chimakapempha ndalama kutchalitchi kapena kusukulu ya kunja, koma makolo a mwanayo sadzamva kuti zidasonkhedwa zingati ndipo zidagwira ntchito yanji. Kudandaula kotere sikuchokera kuno kokha. M'chaka cha 2012 bungwe la ophunzira a ku Norway lotchedwa SAIH lidatulutsa kanema wanthabwala woonetsa anthu a mu Africa akusonkha zotenthetsera m'nyumba kuti apulumutse anthu a ku Norway kuchisanu, pofuna kuonetsa anzawo mmene zimapwetekera dziko lonse likamakudziwani ndi vuto limodzi lokha.

Chimodzimodzinso ndi miyambo. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse m'chaka cha 2005, ali ndi nthawi yake: pamaliro, pachinamwali, polonga ufumu. Ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Kutulutsa gule chifukwa minibasi yaima ndipo alendo ali ndi mphindi 40 n'kutsitsa mtengo wa chinthu chimene makolo adachisunga ngakhale pamene amishoni ankachiletsa. Wofuna kuphunzira za Achewa, Angoni ndi Ayao ali ndi kopita. Ku Mua m'boma la Dedza kuli Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka cha 1976, ndipo kumeneko zinthu zimalongosoledwa mwaulemu.

Koma vuto lenileni la maulendo ongodutsa n'lakuti amafika panthawi imene chilonda chabisika. Kaluluma ndi dziko la fodya, ndipo sukulu za kumeneko zimayendera kalendala ya fodya kuposa ya unduna. Nazale zimafesedwa chilimwe, kuwokera kumachitika mvula yoyamba ikagwa, ndipo kuyambira January mpaka March ndi nthawi yothyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa, kenako kusankha ndi kudinda mabelo msika usanatsegulidwe cha mu April. Miyezi yomweyo ndiyo ya njala, nkhokwe zitauma. Mphunzitsi aliyense wa dera la maesiteti akudziwa mmene rejisitala imaonekera mu February. Mlendo wa mu July amapeza kalasi yodzaza, ana akuimba, ndipo amabwerera kwawo akukhulupirira kuti chosowa ndi mipira ndi makrayoni.

M'chaka cha 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti limene lidagwedeza dziko. Kafukufukuyo adachitika ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma a Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndipo lipotilo lidati ana osachepera 78 000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ena a zaka zisanu zokha. Lidatinso mwana wogwira fodya wamuwisi wonyowa popanda chodzitetezera angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofika mamiligalamu 54 patsiku, chofanana ndi kusuta ndudu pafupifupi 50. Mutu, nseru ndi chizungulire zimene makolo ankati ndi malungo nthawi zina zinali fodya. Mu November 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake pokayikira kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa, ndipo makampani adachita kupereka umboni mmodzimmodzi kuti awachotse pachiletsocho. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti.

Lamulo lidasintha, koma banja lochokera ku Phalombe kapena ku Machinga limene lafika paesiteti lopanda munda, lodalira chimanga cha ngongole kwa bwana, silisintha tsiku limodzi. Mwana wa banja lotere amalowa sukulu pakati pa chaka, n'kutuluka makolo akalandira malipiro, ndipo dzina lake silikhalitsa m'kaundula aliyense. Ameneyu ndiye akufunika thandizo kuposa onse, ndipo ndiye amene mlendo wa maola atatu sadzamuona, chifukwa tsiku la alendo iye amakhala kuchigafa.

Izi sizikutanthauza kuti mlendo aliyense ndi wongodutsa. Boma la Kasungu lomweli lili ndi chitsanzo china. Bungwe la ku America la buildOn, limene Jim Ziolkowski adayambitsa m'chaka cha 1991 ndipo lidamanga sukulu yake yoyamba m'dziko muno pamudzi wa Misomali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lamanga midadada yambiri ya makalasi m'midzi ya ku Kasungu. Njira yake ndi yosiyana. Ntchito isanayambe mudzi umasaina pangano: upereka malo, mchenga, miyala ndi anthu ogwira ntchito, ndipo ulonjeza kutumiza kusukulu atsikana mofanana ndi anyamata. Alendo amene asonkha ndalama amabwera, amagona m'nyumba za anthu pafupifupi sabata, amadya nsima ya pamudzipo, n'kumakumba maziko limodzi ndi eni mudzi pansi pa mmisiri wa konkuno. Akachoka, ntchito imapitirira, chifukwa sidali yawo kuyambira pachiyambi.

Ngakhale apa pali phunziro lowawa. Woimba wotchuka Madonna adalonjeza sukulu ya atsikana ya ndalama zokwana 15 miliyoni za America pamudzi wa Chinkhota kufupi ndi Lilongwe. Anthu adasamutsidwa pamalowo, mwala wa maziko udaikidwa, koma m'chaka cha 2011 ntchitoyo idathetsedwa ndalama pafupifupi 3.8 miliyoni zitapita, sukulu osaoneka. Chaka chotsatira bungwe lake la Raising Malawi lidagwirizana ndi buildOn, ndipo ndi ndalama zokwana 300 000 zokha midadada idamangidwa m'midzi khumi ya ku Kasungu chaka chisanathe. Mkangano udabukabe m'chaka cha 2013 pamene nduna ya zamaphunziro panthawiyo, Eunice Kazembe, idati zimene zidamangidwa ndi makalasi pasukulu zimene zidalipo kale, osati sukulu khumi zatsopano. Ena adaona ngati ndunayo ikunyoza mphatso. Koma kusiyanitsako kunali ndi nzeru. Sukulu si makoma okha. Ndi aphunzitsi, nyumba zawo, zimbudzi, mjigo ndi mabuku, ndipo zonsezi zimatsala m'manja mwa boma ndi makolo makamera akazima. Ndipo ndalama zochepa zodzera mwa eni mudzi zidachita zimene mamiliyoni odzera pamwamba adalephera.

Achikulire akukumbukanso mtundu wina wa alendo odzipereka. A Peace Corps adayamba kufika m'dziko muno m'chaka cha 1963, ndipo a ku Japan adatsatira m'chaka cha 1971. Awa amakhala zaka ziwiri, ndipo a Peace Corps amayamba aphunzira chilankhulo akukhala m'banja la kumudzi asanapatsidwe ntchito. Mmodzi wa iwo, Jack Allison, adafika podziwa Chichewa mpaka kupeka nyimbo ya Ufa wa Mtedza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imene idaphunzitsa amayi ambiri kutsira nsinjiro m'phala la ana kudzera pawailesi ya MBC. Sadabweretse chakudya cha m'zitini. Adakhala nthawi yokwanira kuti aone kuti mankhwala ali m'munda momwemo, ndipo Kasungu ndi kwawo kwa mtedza.

Pali masamu amene alendo eni ake amawazemba. Tikiti imodzi ya ndege yochokera ku America kapena ku Ulaya, kuphatikiza malo ogona ndi galimoto yahayala, ingalipire mmisiri womanga ndi omuthandiza ake kwa miyezi. Gulu la anthu khumi ndi awiri limene labwera kudzapaka penti kalasi imodzi lawononga ndalama zoti zikadamanga nyumba ya mphunzitsi, komanso lalanda ganyu kwa mnyamata wa pa Chatoloma amene adaphunzira ntchitoyo ndipo akungokhala. Okonza maulendowa amayankha kuti popanda ulendo ndalamazo sizikadasonkhedwa n'komwe, chifukwa munthu amapereka mosavuta pa chinthu chimene wachiona ndi maso, ndipo ena mwa alendowo amadzakhala abwenzi a sukuluyo moyo wawo wonse. Yankholi lili ndi choona chake. Koma ngati zili choncho, chilungamo n'kunena poyera kuti ulendowo ndi sukulu ya mlendo, ndipo mudzi ndiwo mphunzitsi. Mphunzitsi amalemekezedwa, amafunsidwa nthawi imene ali ndi mpata, ndipo salipira yekha nkhuku ya wophunzira wake.

Chodabwitsa n'chakuti mawu akuti wodzipereka akamatchulidwa, anthu amaganiza za wotsika ndege. Chikhalirecho odzipereka enieni ali pamudzi pomwepo chaka chonse. Ndi amayi a mother group amene amatsata mtsikana wosiya sukulu mpaka kunyumba kwa makolo ake. Ndi alezi a sukulu za mmera mpoyamba amene amasamala ana a anzawo popanda malipiro. Ndi abambo amene amaumba njerwa za chitukuko, ndi amayi amene amadzuka mbandakucha kukaphika phala kumene kuli ndondomeko yodyetsa ana. Kuchokera m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, anthu amenewa ndiwo agwiriziza denga la sukulu za kumudzi. Patsiku la alendo amawaika kumbuyo kuti azilulutira.

Kwa Wimbe, m'boma la Kasungu lomweli, William Kamkwamba adasiya sekondale njala ya 2001 ndi 2002 itasesa chuma cha makolo ake. Chimene chidamuthandiza ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, kamene mabuku ake adachokera kunja, ndipo m'menemo adapeza buku limene lidamutsogolera kumanga makina amphepo opanga magetsi.  Atolankhani ndi alendo adabwera pambuyo, m'chaka cha 2006, kudzaona chimene mnyamatayo adachita yekha. Shelefu ya mabuku imene imatsegulidwa tsiku lililonse ilibe chikoka pachithunzi, n'chifukwa chake opereka ambiri saikonda.

Asaganize a konkuno kuti nkhaniyi ndi ya azungu okha. Magulu a achinyamata a m'mipingo ya m'tauni, ophunzira a m'mayunivesite, makampani ndi andale nawo adaphunzira ulendo wa tsiku limodzi. Amafika ndi mabelo awiri a kaunjika ndi sopo, n'kuimika ana amasiye pamzere, aliyense atanyamula mphatso yake pachifuwa kuti chizindikiro cha kampani chioneke. Mwana amene anzake sankadziwa kuti ndi wovutikitsitsa amadziwika tsiku limenelo, ndipo dzina lachipongwe limamutsata mpaka Sitandade 8. Mmalawi mnzake sangapeze chowiringula cha chilankhulo kapena kusadziwa mwambo.

Njira zoyendetsera zinthu zilipo kale, zikungofuna kugwiritsidwa ntchito. Mudzi uliwonse uli pansi pa komiti ya chitukuko ya VDC, dera la mfumu yaikulu lili ndi ADC, ndipo sukulu iliyonse ili ndi komiti yake, PTA ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni. Mabungwe omwe si aboma amayenera kulembetsa ku NGORA, imene idalowa m'malo mwa NGO Board m'chaka cha 2022. Gulu lililonse lofuna kulowa pasukulu lidzere ku ofesi ya maphunziro ya boma ndi kwa mlangizi wa zoni, litchule bungwe lolembetsedwa limene likuliimira, ndipo linene chimene labwera kudzachita. Mphunzitsi wamkulu akhale ndi mphamvu, komanso chitetezo cha mabwana ake, zonena kuti alendo afike ana akaweruka kapena Loweruka. Ambiri amaopa kukana poganiza kuti mwayi ungawadutse n'kupita kusukulu yoyandikana nayo. Mantha amenewa angathe pokhapokha lamulo litakhala limodzi m'zoni yonse.

Mlendo asatsale yekha ndi ana. Asajambule mwana popanda chilolezo cha kholo, ndipo kholo liuzidwe m'chilankhulo chake kumene chithunzicho chikupita. Mphatso ziperekedwe kukomiti, zilembedwe m'buku pamaso pa nyakwawa, kuti mawa pasadzabuke nkhani yakuti aphunzitsi adagawana. Ndipo ngati gulu lasonkha ndalama m'dzina la sukulu, komiti ili ndi ufulu womva chiwerengero chake.

Mafumu ali ndi gawo lalikulu pano, chifukwa mlendo amamva mawu a mfumu kuposa a mphunzitsi. M'malo mwa mndandanda wautali wa madandaulo umene umawerengedwa pamaso pa alendo, kuyambira mlatho mpaka yunifolomu ya timu ya mpira, ADC ya kwa Kaluluma ikhale ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zogwirizana kale, zolembedwa, zokhala ndi mtengo wake. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma mphunzitsi wotumizidwa kusukulu ya makilomita 20 kuchoka pamsewu wa tala, kopanda nyumba, amachita lendi pa Nkhamenya n'kumapalasa njinga, ndipo mvula ikadzaza madambo safika. Posakhalitsa amapempha transifa. Nyumba ya mphunzitsi ndi zimbudzi za atsikana zokhala ndi chitseko ndi madzi ziyambe kutchulidwa penti ndi mipira zisanatchulidwe.

Pempho lina ndi losafuna ndalama. Gulu limene likunena kuti lakonda sukuluyo liuzidwe kuti litumize munthu mmodzi kapena awiri mu February, misewu ili matope, adzakhale ndi mphunzitsi wamkulu poitana maina m'kalasi ya Sitandade 5, kenako ayende ndi amayi a mother group kukafunsa kumaesiteti kumene kuli ana amene sadayankhe.